Nyanja m'Nsungwi ya Torika

Torika anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi mwathu, ku Navulu, pamwamba pa mapiri a ku Fiji. Torika ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kubweretsera mayi ake nyanja.

Mayi ake sanabadwire kumapiri kuno. Anabadwira kumunsi, kumene mtsinje wathu umathera. Anakwera kuno atakwatiwa.

Kuno kuli nkhungu. Kuno kuli nsungwi. Kuno kuli miyala yakuda. Koma nyanja kulibe.

Mwezi wina m'nyumba mwawo munabadwa mwana wamwamuna. Anamutcha Isoa. Isoa anali wamng'ono ngati papaya. Mayi ake sankapitanso kutali. Ankangofika pamtsinje kukachapa matewera.

Akatha kuchapa, ankaimirira. Ankayang'ana kumene madzi akupita. Ankayang'ana nthawi yaitali.

Torika sankakonda kulankhula. Ankakonda kuona. Anaona kuti mayi ake akudya pang'ono. Anaona kuti asiya kuimba.

Tsiku lina anawagwira nsalu. Kwathu mayi timawaitana kuti Na, bambo timawaitana kuti Ta.

"Na, mukuyang'ana chiyani?"

"Kwathu, mwanangu," anatero mayi ake. "Ndasowa fungo la nyanja."

Kenaka anamuuza za m'banja mwawo. Mwana akabadwa, amamunyowetsa mapazi ndi madzi a m'nyanja. Iwo anawanyowetsa. Achimwene awo anawanyowetsa. Torika nayenso anamunyowetsa ali khanda. Koma Isoa anabadwa wochepa kwambiri. Ulendo wa kunyanja unali wautali kwa iye.

Torika analowa m'nyumba. Anapeza kabotolo kamene mafuta ake anatha. Anakatsuka kamodzi. Anakanunkhiza. Anakatsuka kachiwiri. Anakanunkhiza. Anakatsuka kachitatu. Fungo lonse linachoka. Ndiye anamangako kachingwe kofiira.

Sabata imeneyo bambo ake anali ndi ulendo. Ankapita kumunsi kukauza abale kuti mwana wabadwa. Torika anaima pafupi nawo. Anangokweza kabotolo kaja.

Bambo ake anayang'ana kabotolo. Anayang'ana Torika. Anaseka pang'ono.

"Chabwino, amayi aang'ono. Kadule nsungwi yako."

Kwathu tikafuna kutsika mtsinje, timamanga bilibili. Timadula nsungwi zazitali. Timaziyala pamodzi. Timazimanga ndi luzi. Zikayandama, ulendo wayamba.

Bambo ake anadula nsungwi zambiri. Torika anasankha imodzi. Inali yachikasu, yosalala, yonenepa ngati mwendo wa bambo ake. Bambo ake anaigwetsa. Torika anaikoka yekha mpaka pamtsinje. Anatenga kamwala kakuthwa. Analembapo T.

"Iyi ndi yanga," anatero chapansipansi.

M'mawa mwake anakweza zilazi. Anakweza nthochi. Anakweza dengu la malalanje. Torika anakhala pakati, pamwamba pa nsungwi yake.

Mayi ake anabwera ndi Isoa m'manja. Anawerama. Anamunong'oneza Torika m'khutu.

"Nyanja suidziwa ndi maso. Umaidziwa ndi lilime."

Bambo ake anatenga ndodo yaitali. Anakankha mwala. Bilibili inayamba kuyenda.

Kumbuyo kwawo kunali phiri lathu lalikulu. Kalekale phirilo linkalavula moto. Moto unazima. Miyala yake inatsala, yakuda bii. Mtsinje wathu umatuluka pansi pa miyala imeneyo. Umayamba uli wochepa ngati mkono wa Isoa. Ukamatsika, umakula.

Anatsika. Anatsika. Anafika padziwe lalikulu. M'mphepete mwake munkatuluka nthunzi.

"Ta, kodi iyi ndiye nyanja?"

"Lawa," anatero bambo ake.

Torika anaviika chala. Analawa. Madzi anali ofunda. Ankanunkha ngati dzira lowola.

"Ayi. Si nyanja."

Bambo ake anati phiri lija linagona, koma makala ake akadali pansi. Ndiwo amafunditsa madziwo.

Anatsika. Anatsika. Mtsinje unalowa pakati pa matanthwe. Matanthwe anali aatali kuno, aatali uko. Kumwamba kunangotsala kamzere kakang'ono. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba ngati ulusi woyera. Mileme inalendewera m'mitengo, mitu pansi.

Kenaka Torika anamva mkokomo. Madzi anayamba kuthamanga. Bilibili inadumpha. Inapendekera kuno. Inapendekera uko.

"Gwira ndi manja onse awiri," anatero bambo ake.

Dzanja limodzi linagwira nsungwi. Dzanja lina linagwira kabotolo.

"Onse awiri, Torika!"

Torika anataya kabotolo. Anagwira nsungwi yake ndi manja onse awiri. Madzi anamumenya kumaso. Malalanje atatu anagwera m'madzi.

Madzi atabata, Torika anayang'ana kutsogolo. Anaona kachingwe kofiira kutali. Kanamira. Kanatuluka. Kanamiranso. Sikanatulukenso.

Torika sanalire mokweza. Misozi inangosakanikirana ndi madzi a kumaso. Bambo ake anamusisita mutu. Anati mabotolo ndi ambiri kwa amalume ake. Anamusendera lalanje.

Anatsika. Anatsika. Matanthwe anatha. Mtsinje wina unabwera kuchokera kumanzere. Unali wofiirira. Unalowa mu wathu. Iwiriyo inakhala umodzi, waukulu, woyenda pang'onopang'ono.

"Ta, kodi iyi ndiye nyanja?"

"Lawa."

Torika anaviika chala. Analawa. Madzi ankakoma dothi.

"Ayi. Si nyanja."

Anadutsa minda ya mpunga. Anadutsa ng'ombe zikumwa madzi. Kakowa anaima pamsana pa ng'ombe ina. Ana ena ankasambitsa hatchi. Anakweza manja. Torika anakweza chala chimodzi chokha. Anali ndi manyazi.

Dzuwa litapendeka, mapiri anali kutali kumbuyo. Anaoneka aang'ono, obiriwira. Mtsinje unatambalala kwambiri. M'mphepete mwake munali mitengo ya m'matope. Mizu yake inali pamtunda ngati miyendo ya kangaude.

"Ta, kodi iyi ndiye nyanja?"

"Iyi ndiye nyanja basi," anatero bambo ake. "Taona kukula kwake."

Torika anaviika chala. Analawa. Analawanso.

"Mulibe mchere, Ta."

Bambo ake analawa nawo. Anakanda mutu.

"Ulendo watha munali mchere. Mwina amalume ako aumaliza. Anthu amenewa kudya kwake ndi kumeneko."

Patsogolo panali mudzi. Padoko panaima munthu wamkulu, wa mimba yaikulu. Anali a Epeli, achimwene a mayi ake a Torika. Torika ankawaitana kuti Momo, ndiye kuti amalume. Pambali pawo panali mwana wawo, Manasa, msuweni wa Torika. Manasa anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mano ake awiri akutsogolo anali atachoka.

"Taonani," anatero a Epeli. "Nguluwe za kumapiri zatsika."

"Zatsika kudzaona nkhanu za m'matope," anayankha bambo ake a Torika. "Kodi mukadali kuyenda cham'mbali, alamu?"

Onse awiri anaseka. Anakumbatirana.

Atalowa m'nyumba, anakhala pamphasa. Bambo ake a Torika ananena mawu amene anabwera nawo. Mwana wabadwa. Ndi wamwamuna. Dzina lake ndi Isoa. Akulu anaomba m'manja. Akazi a a Epeli analira ndi chimwemwe. Kenaka anaphika nsomba zotendera kokonati. Torika anadya mpaka kunyambita zala. Anagona msanga, chifukwa anatopa.

M'mawa Torika anathamangira kudoko. Anaima chilili.

Madzi anali atapita. Panatsala matope okhaokha. Mabwato anagona cham'mbali pamatope. Tinkhanu tating'ono tinkathamanga uku ndi uku. Pakati penipeni panali kamtsinje kopyapyala.

Torika anayenda pamitengo yoyala mpaka pakamtsinjeko. Anaviika chala. Analawa. Munalibe mchere.

Kumbuyo kwake wina anaseka. Anali Manasa.

"Msuweni, wayenda ulendo wonsewu kudzalawa madzi a kwanu omwe?"

Torika anafunsa kumene nyanja ili. Manasa analoza kutali, kuseri kwa mitengo ya m'matope. Anati wapansi sangafikeko. Matope ake amameza munthu mpaka m'chiuno. Bwato nalo silingatuluke madzi ataphwa.

"Koma usadandaule," anatero Manasa. "Nyanja imabwera yokha. Ikamabwera, mtsinje umayenda chobwerera."

"Bodza," anatero Torika. "Mtsinje subwerera m'mbuyo."

"Kwanu subwerera. Kwathu umabwerera."

"Ndi mtsinje womwewo."

"Chabwino. Ukaona, unene kuti nkhanu ndi yanzeru kuposa nguluwe."

Torika anamva phokoso la chikwanje. Anatembenuka.

A Epeli ankadula luzi la bilibili. Nsungwi zinkagubuduzika imodziimodzi. Bambo ake a Torika ankawathandiza kuziunjika.

Torika anathamanga.

"Ta, nanga tibwerera pa chiyani?"

Bambo ake anagwada kuti alingane naye. Anamuuza kuti bilibili imadziwa njira imodzi yokha. Imatsika, koma siikwera. Ikafika kumunsi, nsungwi timasiyira abale. Izi a Epeli amangira khola la nkhumba. Iwo abwerera pa lole. Lole imanyamuka dzuwa likafika pamutu. Ndipo ndi imodzi yokha sabata yonse.

Torika anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likukwera. Anayang'ana matope. Nyanja kunalibe. Anayang'ana m'manja mwake. Kabotolo munalibe.

Akazi a a Epeli anamva za kabotolo kaja. Anabweretsa mabotolo atatu. Torika ananunkhiza loyamba. Linkanunkha palafini. Ananunkhiza lachiwiri. Linkanunkha mankhwala a chifuwa. Ananunkhiza lachitatu. Linkanunkha nsomba ya dzana.

Torika anapukusa mutu pang'onopang'ono. Mayi ake anasowa fungo la nyanja. Sanasowe fungo la palafini.

A Epeli anaika chikwanje pansi. Anamuitana.

"Bwera kuno, iwe mwana wa mlongo wanga. Kodi ukudziwa kuti pano ndiwe vasu? Mwana wa mlongo sapempha kwa malume ake. Amangoloza. Chimene waloza n'chako."

Manasa atamva zimenezo, anathamangira kuseri kwa nyumba. Anabwerako malaya atatupa pamimba. Pansi pa malayawo panatuluka kamchira ka galu. Kankagwedezeka.

Anthu anasonkhana kudzaona. Torika anachita manyazi. Anayang'ana pansi. Kenaka anakweza maso pang'ono.

Anaona wailesi pazenera. Sanailoze.

Anaona ndowa yatsopano. Sanailoze.

Anaona kamchira kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali. Manasa anagwira malaya ake mwamphamvu. Torika anamwetulira pang'ono. Sanakaloze.

Anayenda mpaka pamulu wa nsungwi. Anafuna, anafuna. Anapeza yachikasu, yosalala, ya T. Anailoza.

Anthu onse anaseka. A Epeli anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Alamu, mwana wanuyu bwanji? Akufuna kupita ndi nsungwi kumapiri? Ndiye mawa mutibweretsere matope."

Koma bambo ake sanaseke. Anamvetsa. Kwathu kumunda sitinyamula ndowa. Timatungira madzi m'nsungwi. Nsungwi ilibe fungo la palafini. Ilibe fungo la mankhwala. Ilibe fungo la nsomba.

Anatenga chikwanje. Anadula pansi pa mfundo. Anadulanso pamwamba. Chidutswacho chinali chachitali ngati mkono wa Torika. T uja anali pakati pake.

"Nali botolo la nguluwe," anatero bambo ake. "Silisweka, ndipo silimira."

Torika anapita kudoko ndi nsungwi yake. Anakhala pansi. Manasa anakhala pambali pake, kagalu kali pamiyendo.

Pansi pa mapazi awo panali mchenga. Unali wakuda bii. Torika anautapa. Anauyang'anitsitsa. Unali ngati miyala ya kwathu, koma yopera ngati ufa.

"Mchengawu ndi wathu," anatero. "Wachokera kuphiri lathu."

"Ndiye utole wonse ubwerere nawo," anatero Manasa. "Tatopa nawo kusesa."

Torika anathyola tsamba. Analiponya m'madzi. Tsamba linatsika.

Anadikira. Anaponya lina. Linatsika, koma pang'onopang'ono.

Anadikira. Anaponya lachitatu. Tsambalo linaima. Linazungulira kamodzi. Linazungulira kawiri. Kenaka linayamba kuyenda. Linkapita kumtunda, kumene kuli mapiri.

Torika anatsegula pakamwa. Manasa anatulutsa lilime pampata wa mano.

Madzi anayamba kukwera. Anakwirira tinkhanu. Anakwirira matope. Anafika pamizu ya mitengo. Mabwato aja anadzuka limodzilimodzi.

Torika anaviika chala. Analawa. Munalibe mchere.

Manasa anati nyanja imayamba yakankha madzi a mtsinje. Mchere umabwera pambuyo.

Dzuwa linafika pamutu. Kumsewu kunamveka hutala. Lole inali itafika.

Torika analawanso. Munalibe mchere.

Hutala inaliranso. Bambo ake anaitana dzina lake. Torika anayang'ana a Epeli. Maso ake anali odzaza misozi.

A Epeli anatsinzinira diso limodzi. Ananyamula dengu la nsomba zouma. Anapita kulole pang'onopang'ono ngati kamba. Woyendetsa lole anali a Hari. A Epeli anawapatsa moni. Anafunsa za akazi awo. Anafunsa za ana awo, mmodzimmodzi. Anafunsa za mbuzi yawo imene inadwala chaka chatha. Kenaka anawatsegulira kokonati kuti amwe.

Torika anaimirira pamwamba pa mtengo wa padoko. Anayang'ana kutali pamadzi. Anayang'anitsitsa. Anaona mzere. Kuno kwa mzere madzi anali ofiirira. Uko kwa mzere madzi anali obiriwira.

"Manasa, taona. Madzi ndi awiri."

Manasa anayang'ana. Anaika kagalu pansi. Anamasula kabwato kake.

"Kwera, nguluwe. Ukhale pakati, usagwedezeke."

Manasa anapalasa. Anapalasa. Bambo ake a Torika anaima padoko, maso ali pa iwo. Mzere uja unkabwera. Iwo ankapita. Anakumana pafupi ndi mitengo ya m'matope. Kabwato kanaoloka mzere.

Mphepo ina inawomba. Inali ndi fungo limene Torika sankalidziwa. Kutsogolo, pampata wa mitengo, anaona madzi opanda malire. Anaona mafunde oyera kutali.

Torika anaviika chala. Analawa. Nkhope yake inakwinyika.

"Iyi," anatero. "Iyi ndiye nyanja."

Anamiza nsungwi yake. Inalira bwibwibwi. Inadzaza mpaka pakamwa.

Hutala inalira kachitatu. Manasa anapalasa mwamphamvu. Padoko, bambo ake a Torika anatseka nsungwi ndi masamba a nthochi. Anamanga ndi luzi. Anathamanga onse awiri.

A Hari anali atamwa kokonati wachiwiri. Anagwira pamimba.

"A Epeli, mukandipatsa wachitatu, loleyi muyendetsa ndinu."

Torika anakwera kumbuyo. Lole inanyamuka. Manasa anaithamangira, kagalu kali pambuyo.

"Sunanene, msuweni! Nena za nkhanu!"

Torika anangomukwezera chala chimodzi.

Lole inakwera. Inakwera. Inadutsa minda ya mpunga. Inadutsa pamwamba pa matanthwe. Inkadumpha m'maenje. Torika anapana nsungwi ndi mawondo. Anaigwira ndi manja onse awiri. Ngakhale dontho silinatayike.

Msewu unatha. Anatsika. Anayenda wapansi. Bambo ake anati amunyamulire. Torika anakana. Anakwera chitunda choyamba. Anakwera chachiwiri. Nkhungu inawachingamira.

Anafika dzuwa lisanalowe. Mayi ake anali pakhonde ndi Isoa.

Torika anagwada. Anapereka nsungwi ndi manja awiri.

Mayi ake anamasula luzi. Anachotsa masamba. Ananunkhiza. Anatseka maso. Anakhala choncho nthawi yaitali.

Kenaka anaviika chala. Analawa.

"Torika," anatero. "Wabwera nayo."

Anathira pang'ono m'dzanja. Ananyowetsa phazi lamanja la Isoa. Ananyowetsa phazi lamanzere. Isoa anapinda tizala. Anaponya mwendo. Anayetsemula.

Onse anaseka. Bambo ake anaviika chala nawo. Analawa. Analavula.

"Anthu amenewa amakhala bwanji ndi madzi otere?"

"Monga ine ndimakhalira ndi inu," anayankha mayi ake.

Tsiku limenelo mayi ake anadya nsomba ziwiri za a Epeli. Anadya ndi chilazi chachikulu. Nsungwi ija anaipachika pakhoma, T akuyang'ana kutsogolo.

M'mawa mwake anapita kumtsinje kukachapa matewera. Torika anawatsatira. Mayi ake ankachapa akuimba. Atatha, anayang'ana kumene madzi akupita. Anayang'ana pang'ono chabe. Kenaka ananyamula beseni.

Torika anathyola tsamba. Analiyandikitsa pakamwa. Analinong'oneza. Analiika m'madzi.

"Walituma chiyani?" anafunsa mayi ake.

Torika anayang'ana pansi.

"Likamuuze Manasa kuti nkhanu ndi yanzeru."

"Kuposa nguluwe?"

"Ayi, Na. Pang'ono chabe."

Mayi ake anaseka mpaka beseni kupendekera. Anamugwira dzanja. Anakwera kunyumba limodzi, kumene Isoa anali atayamba kuitana.

Ndipo tsamba linatsika. Linatsika. Linatsika.